Nyimbo Yomwe Inawoloka Msewu

Saluni ya Madamu inali ndi magalasi atatu, madiraya awiri oumitsira tsitsi oimirira kukhoma ngati alonda ovala zipewa, ndi beseni lotsukira tsitsi lomwe mpope wake unkadontha kuyambira kalekale. Pampando wa pafupi ndi zenera pankakhala Sisi, mnzake wa Madamu wa kuutsikana, mmisiri woluka amene zala zake zinkayenda pamutu pa munthu ngati zili ndi maso. Awiriwa anayamba ntchitoyi pakhonde, akubwerekana chipeso chimodzi. Mwayi utagwera Madamu n'kutsegula saluni, anamutenga mnzakeyo, ndipo makasitomala ambiri ankayesa kuti ndi pachibale.

Aliyense anali ndi mwana mmodzi wamkazi, ndipo anawo anakwawira limodzi pa simenti ya m'saluniyo akutola zidutswa za meshi. Wa Madamu ankamutcha Kadona, poti amake ankamuveka ngati chidole cha m'sitolo. Wa Sisi ankamutcha Kamlomo, chifukwa pakamwa pake sipankauma. Kadona anali ndi mawu okoma, ndipo amake sanaumire: anamupezera mphunzitsi wa zoimba, anamugulira kiyibodi, kenako anamujambulitsa chimbale cha nyimbo zoziziritsa mtima. Chimbalecho sichinayende malonda. Makatoni ake anakhala pansi pa beseni, akumwa madontho a mpope uja. Kamlomo yekha ankaimba rapu akusesa tsitsi, tsache likumuimbira ng'oma, ndipo Madamu ankangoti kumeneko ndi kulongolola kovala nsapato zazikulu.

Tsiku lina masana, makasitomala atachepa, Kamlomo anafika ndi foni m'manja. Apa n'kuti ali mtsikana wamkulu, atamaliza sukulu.

"Anti, ndajambula nyimbo yanga yoyamba. Ndimafuna muimve inu kaye."

Anaika foniyo patebulo la mafuta. Ng'oma zinagunda, kenako mawu a mtsikanayo anatuluka akuthwa ngati lumo:

Zala khumi ndiyo ofesi ya mayi,
sizidziwa holide, sizidikira tiyi,
mutu ukabwera chisa, ubwerera chisoti,
ndakulira pa chipeso, sindinakulire suti.

Sisi anasiya kuluka n'kuyang'ana pansi, maso ali m'misozi. Mayi amene ankalukidwayo anayamba kugwedeza mutu mpaka mzere unakhota. Madamu anaziona zonsezo pagalasi. Anaonanso Kadona wake akumenyetsa phazi pansi. Iye anali atathira chuma pa mwana wake koma palibe kasitomala amene anagwedezapo mutu chotero. Komanso nyimboyo inkatama zala za Sisi, ngati kuti saluniyo inalibe mwini.

"Ndikupempha ziwiri, anti," anatero Kamlomo. "Pakati pali malo a kolasi, ndipo mawu oyenera pamenepo ndi a Kadona. Chachiwiri, vidiyo ndikufuna ndijambulire muno. Ndi kwathu muno."

"Mami, ndaiyeserera kale," anatero Kadona. "Ikukhala bwino."

Madamu anapukuta m'manja pang'onopang'ono. "Mwana wanga anaphunzira kuimba, sanaphunzire kubwebweta. Ndipo muno ndi malo a ntchito, si bwalo la anyamata ogwetsa mathalauza. Pita nayo kwina."

"Mnzanga, ndi ana athu awa," anatero Sisi motsitsa mawu.

"Wako ndi wako, wanga ndi wanga. Malizitsa mutu wa kasitomala."

Tsidya lina la msewu kunali kasaluni ka mayi wina wongoyamba kumene, ka galasi limodzi long'aluka pakona. Mayiyo atapemphedwa sanachedwe kuvomera. Kolasi anaimba mtsikana wina wogulitsa mu shopu ya mafoni. Pa tsiku lojambula, Sisi anamuluka mwana wake mizere khumi yonenepa yothamangira kumbuyo, n'kuimanga pankhongo ngati chibakera. Madamu anakoka katani ya pazenera, koma ng'oma sizidziwa katani.

Nyimboyo sinachedwe kugwira moto. Mmawa wina Kamlomo analowa akuthamanga, wefuwefu, n'kudutsa amake kukaima pamaso pa Madamu. "Anti, kwezani wailesi, akuiimba." Madamu anatambasula dzanja n'kuzimitsa wailesiyo. Mtsikanayo anaima kanthawi, kumwetulira kukuuma pankhope, kenako anatuluka osatseka chitseko.

Kuyambira pamenepo nyimboyo inali paliponse. Inkatuluka m'mabasi, m'mashopu, m'matumba a anthu foni zikaitana. Atsikana asukulu ankaiimba podutsa, akutambasula zala m'mwamba. Makasitomala nawo anayamba kufika ndi pempho limodzi: "Mutiluke zala khumi." Madamu analamula kuti m'saluni mwake sitayilo imeneyo mulibe, wailesi isamatsegulidwe, ndipo foni ya kasitomala ikalira nyimboyo ankapempha mwiniwakeyo akayankhire panja. Amayi ena ankaseka n'kumvera. Ena ankanyamula zikwama zawo n'kuwoloka msewu.

"Musadandaule," ankatero Madamu kwa otsalawo. "Nyimbo imodzi sachezera gule. Mvula ikamadzagwa tidzakhala titaiiwala."

Chimene chinadula chingwe chinali chaching'ono. Mayi wina wolemekezeka, kasitomala wa Madamu wa nthawi yaitali, analowa tsiku lina n'kupita molunjika kwa Sisi. "Kodi zala zake ndi zimenezi? Tabwera nazo ndizigwire." Anazigwira, anajambulitsa nazo chithunzi, kenako n'kupatsa Madamu moni ngati wokumbukira mochedwa. Mayiyo atapita, Madamu anatseka chitseko.

"Ndaona kuti tsopano muno muli mabwana awiri."

"Bwana ndiwe, mnzanga. Ine ndimangoluka."

"Unamutuma ndiwe mwana uja. Zaka zonsezi ndakusunga, lero dziko lonse likuimba kuti ndimakugwiritsa ntchito wopanda holide ndi tiyi."

Sisi anaseka pang'ono, kuyesa kuti ndi nthabwala. Ataona nkhope ya mnzakeyo, kuseka kunatha. "Nyimbo ija ikunena za ife tonse ogwira ntchito ndi manja. Nawenso uli ndi zala."

"Zanga palibe waziimba."

Sisi anatola zipeso zake, singano ndi lumo, n'kuzikulunga m'kathaulo. Anawoloka msewu dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona, ndipo mayi wa kutsidya anamulandira ndi manja awiri.

Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Madamu ankadikira imfa ya nyimboyo monga mmene ena amadikirira malipiro. Kamlomo anatulutsa nyimbo zina, ndipo zingapo sizinapite patali. Tsiku lomwe Madamu anamva kuti chimbale chachiwiri cha mtsikanayo chagwa, anagulira antchito ake zakumwa popanda kunena chifukwa. Koma yoyamba ija sinkafa. Atsikana amene kale ankaopa kugwira maikolofoni pakati pa anyamata anayamba kutuluka mmodzimmodzi, ndipo aliyense akafunsidwa pa wailesi kuti anayamba bwanji, yankho linali lomwelo: anamva mwana wa mayi woluka akuimba za amake, naye n'kuona kuti za kwawo n'zoimbika. Wina anaimba za amake osoka, wina za azakhali ake ogulitsa masamba. Mawu a nyimboyo analowa m'kamwa mwa anthu mpaka mayi akafunsidwa kumene amagwira ntchito ankangoonetsa manja n'kunena kuti, "Kwa zala khumi." Ngakhale ana obadwa nyimboyo itatuluka kale ankaidziwa, osadziwa n'komwe nkhope ya woimba.

Kutsidya kuja galasi long'aluka linachoka. Anagumula khoma, anaonjezera chipinda, kenako china. Anthu ochokera kutali ankabwera kudzalukidwa pamalo pomwe panajambulidwa vidiyo, ndipo Sisi anali ndi atsikana ake owaphunzitsa. Mtsikana wa mu shopu ya mafoni uja anasiya kugulitsa mafoni. Nkhope yake inali pa zikwangwani, ndipo chimodzi anachiimika pamphambano, moyang'anana ndi zenera la Madamu.

Kadona ankachiona chikwangwanicho tsiku lililonse ali pa kauntala, polandirira makasitomala amene ankachepa mwezi ndi mwezi. Kiyibodi anaifunditsa nsalu. Sanakanganepo ndi amake za nkhaniyo. Ankangoyankha mwaulemu, mawu ochepa, ngati wantchito amene akudikira kuweruka. Madamu ankati akamuona akuyang'ana pazenera, ankanena kuti, "Mawu ake ndi opyapyala uja, sangakufike." Kadona ankati, "Inde mami," n'kupitiriza kuyang'ana.

Patapita zaka, kunamveka kuti oimba achikazi amene anakulira nyimboyo agwirizana zoijambulanso onse pamodzi. Magalimoto a makamera anadzaza tsidya lija. Chapakati pa mmawa Madamu anaona mayi wovala jekete lalikulu akuwoloka msewu yekha. Anali Kamlomo, atakhwima nkhope, koma kayendedwe kali komweko. Anagogoda ngakhale chitseko chinali chotsegula.

"Muli bwanji, anti?"

"Tilipo. Mwasochera?"

"Ayi. Ndabwera ndi pempho lomwe lija. Akufuna aone kumene nyimbo inabadwira, ndipo ine sindinganame kuti ndi uko. Inabadwira apa, ndikusesa. Ndipo Kadona malo ake alipobe."

Madamu anayang'ana jekete lija, nsapato, ndi anthu a makamera amene ankamudikira mwana wa Sisi ngati nduna. Akanangoti lowani, makamera onsewo akanawoloka msewu. Anadziwa zimenezo bwino lomwe. Koma anaona m'maganizo mwake Sisi atakhala pampando wa pazenera, magetsi onse akumuwalira iye m'saluni ya mwini wake.

"Mwabwera kudzajambula mipando yopanda anthu kuti dziko lindiseke. Pitani kwa amanu."

Kamlomo anagwedeza mutu mwaulemu n'kutembenuka. Asanafike pakhomo, Kadona anatuluka kuseri kwa kauntala atanyamula chikwama.

"Ukupita kuti?" anafunsa Madamu.

"Kukaimba, mami."

"Ukawoloka msewu umenewo..."

"Ndidzakhala ndachedwa kale. Tsiku lija ndinakumverani chifukwa ndinkayesa mukunditeteza. Ndakhala pa kauntala apa mpaka ndazindikira kuti simunkaona ine. Munkaona anti Sisi." Anayankhula mosakweza mawu. "Sindikudziwa ngati mawu ndikadali nawo. Ndikaonera komweko."

Atsikana awiri amene anakwawira limodzi anawoloka msewu, wina atagwira mkono wa mnzake poopa magalimoto. Mawu a Kadona anali atachita dzimbiri, ndipo anangomupatsa mizere iwiri pakati pa gulu. Sanatchuke nayo. Koma sanabwererenso pa kauntala. Anayamba kuphunzitsa kuimba atsikana a ku situdiyo ya Kamlomo, ndipo kwa amake ankabwera Lamlungu lokha, kudzawaona ngati mlendo.

Chaka chisanathe Madamu anatseka saluni. Woluka wake womaliza anali atapita, ndipo zala za Madamu nazo zinali zitayamba kuuma m'mfundo. Anaika katundu pa malonda, ndipo wogula madiraya anapezeka kuti ndi saluni ya kutsidya. Sisi anabwera yekha kudzawaona, imvi zili mbuu, akuyenda mokoka mwendo. Anaima pakati pa chipinda chopanda magalasi n'kuyang'ana pomwe pankakhala mpando wake.

"Wakalamba," anatero Madamu.

"Takalamba." Sisi anasisita diraya limodzi. "Ukudziwa, mwana wanga uja mano ake oyamba anamerera pamsana pako, ine ndili pamutu pa kasitomala. Chilichonse chabwino ankathamangira nacho kwa iwe, mpaka ine ndinkachita nsanje. Ndinkangodziuza kuti palibe kanthu, ali ndi amayi awiri."

Amuna onyamula katundu anasenza madiraya aja n'kuwoloka nawo msewu, ndipo Madamu anawaperekeza ndi maso mpaka anakalowa pakhomo pomwe panali mzere wa amayi odikira kulukidwa. Basi inaima pamphambano, mawindo ali otsegula, nyimbo ija ikugunda, ndipo ana asukulu amene anali m'katimo anakweza manja. Madamu anali atagulitsa kale katani. Anakhala pa katoni ya zimbale za Kadona, chinthu chokha chimene chinasowa wogula, n'kuimva mpaka basiyo inanyamuka.

Nyimbo imeneyo inadyetsa mayi wa galasi long'aluka, inadyetsa wogulitsa mafoni, inatsegulira khomo atsikana amene Kamlomo sanawaonepo. Kawiri konse inagogoda kaye kwa Madamu, ndipo kawiri konse anaibweza chifukwa inabadwa kwa mnzake. Akuluakulu sananame ponena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye.