Galimoto ya a Greyson Inayankha Yokha

Ku Kawale, kuseri kwa msika, kuli shedi ya matabwa ya a Greyson Mphadzula. Aliyense amene anagulako chitseko kumeneko angakuuzeni zinthu ziwiri: kuti bamboyo ntchito amaitha, komanso kuti sauzidwa kanthu. Ukati uwalangize, usanafike n'komwe pakati pa mawu ako, iwo ayankha kale kuti, "Zimenezo ndikuzidziwa." Akazi awo, mayi Maness, anachita kutopa nawo mpaka anasiya kumaliza zokamba zawo.

Mvula itangosiya chaka chatha, a Greyson anagula galimoto yakaleko yochokera ku Japan. Inali yoyera bwino, yosatulutsa utsi, koma pakati pa dalaivala ndi wokwera panali wailesi ya sikirini yolembedwa Chijapanizi chokhachokha. Akangoliza injini, mawu a mayi wina ankatuluka m'masipika n'kunena zinazake mwaulemu, ndipo a Greyson ankagwedeza mutu ngati amva. Chinawasowetsa mtendere n'chakuti makasitomala awo ena ankayankhula pafoni manja onse ali pachiwongolero, mawu akumveka m'galimoto monse. Iwonso anafuna zomwezo.

Lamlungu lina atabwerako kutchalitchi anakhala m'galimotomo pansi pa mtengo wa mango, foni kumanja, chala pasikirini. Foni inkati yalumikizika, kenako n'kudukanso. Nyimbo inkayamba, n'kufera panjira. Anadina apa, nadina apo, ndipo sikirini ikawafunsa funso m'zilembo zake zonga mapazi a nkhuku, iwo ankangovomera chilichonse. Dzuwa litapendeka kachizindikiro ka bulututhi, kosonyeza kuti foni yalumikizika, kanayaka osazimanso, iwo natuluka monyada, thukuta lili kamukamu. Koma kuyambira tsiku limenelo, akakhala m'galimoto foni yawo sinkaliranso.

Lachiwiri madzulo mayi Maness anawalandira ndi nkhope yodabwa.

"Bambo a kuno, masana ndinakuimbirani. Foni inayankhidwa, ndipo ndimakumvani bwinobwino mukukalipira wakabaza kuti wakudulirani kutsogolo. Koma ine kufuula halo, halo, inu zii."

"Ndi netiweki imeneyo," anatero a Greyson akuvula nsapato.

"Netiweki yake yomvera mbali imodziyo? Bwanji osangopita kwa a Harun ku Biwi akaione?"

A Harun anali mnzawo wakalekale, katswiri wa mawailesi ndi mawaya a galimoto. Ndipotu Lachinayi a Greyson anaima pafupi ndi malo awo akugula babu la nyali ya kutsogolo. A Harun anasuzumira pawindo, naona sikirini ija, naseka.

"Achimwene, zimenezi zimafuna kuzisamala. Mumatha kuyatsa zinthu zoti simukuzidziwa. Tsegulani chitseko ndikuonereni, mphindi zisanu sizikwana."

"Ndalumikiza kale ndekha, a Harun. Kodi simukuona kakuyakako?" Anakweza galasi n'kumapita.

Kunena zoona, sabata imeneyo mutu wawo unali pa nkhani ina yolemera kuposa wailesi. Mlongo wawo yekhayo, malemu Annette, anamwalira atasiya mwana mmodzi, Collins, ali Sitandade 6. Ali gone kuchipatala anawagwira dzanja n'kunena kuti, "Achimwene, mwanayu alibe wina. Musadzamusiye pamtetete." A Greyson anamulera, namuphunzitsa mpaka anakhala mmisiri wa zamagetsi. Tsopano Collins anali atapeza mbeta, mphunzitsi wina dzina lake Tiwale, wa banja lochokera ku Rumphi lokhala ku Area 25. Loweruka lomwelo a Greyson, monga malume ndi nkhoswe, ankayenera kukaonekera kwa makolo a mtsikanayo koyamba. Ulendo wotere sabwereza kawiri. Ukaulakwitsa, waulakwitsa.

Panali kanthu kamodzi kokha kolimbitsa khosi. Collins anali ndi mwana wamkazi wa zaka zitatu, Zipora, amene anabereka ndi mtsikana wina wa ku Mitundu asanadziwane ndi Tiwale. Lachisanu atawerukako Collins anabwera kushedi, nakhala pabenchi manja ali m'kati mwa miyendo.

"Malume, chonde, nkhani ya Zipora mukaitchule nokha koyambirira. Tiwale akuidziwa, ndipo tinagwirizana kuti makolo ake aimvere kwa inu. Akuti abambo ake aakulu, a Laws, bodza amadana nalo koopsa."

"Iwe, maukwati ndamanga angati ine?" anayankha a Greyson osasiya kupala thabwa. "Pokafunsira mbeta sanyamula mitolo yakale. Zimenezo ndisiyire ine, ndikuzidziwa."

Collins anakumbukira kuti akuyankhula ndi ndani, nadzuka n'kumapita.

Loweruka zinthu zinayamba kupotoka m'mawa momwe. Anapangana kuti afika 10 koloko, koma msuweni wawo a Misheck, amene ankawaperekeza, anachedwa kuchokera ku Kaliyeka. Ponyamuka nthawi inali itadutsa kale. A Laws Nyirenda anali atanena kuti nyumba yawo ndi yovuta kuipeza, choncho awaimbira okha kuti awalondolere njira akamayandikira. A Greyson anaika foni m'thumba la jekete, nayatsa galimoto, mayi wa ku Japan uja nanena zake.

Mumsewu munali mothinana. Maminibasi ankaima paliponse, ndipo dzuwa linkawotcha jekete ngati simbi. A Greyson ankangoyang'ana wotchi ya pamkono. Hafu pasiti teni inakwana ali pamzere wa magalimoto, foni osalira. Kodi anthuwo akwiya kale? Kodi aganiza kuti akuchimuna ndi achibwana? Nkhope ya malemu mlongo wawo inkangowabwerera m'maganizo.

Atadutsa pa Area 18, sikirini inasintha mtundu. Panaoneka kabokosi kobiriwira, ndipo m'munsi mwake manambala anayamba kuyenda.

"Manambala akuyendawa ndi a chiyani?" anafunsa a Misheck.

"Ndi nthawi ya ku Japan imeneyo. Imatero."

A Misheck anagwedeza mutu. Kenako, pofuna kukonzeka, anafunsa momwe akayankhulire akakafika, makamaka pa nkhani ya mwana uja. Apa m'pamene mantha a a Greyson anasanduka matama, monga zimakhalira ndi anthu ambiri.

"Za mwana wa ku Mitundu pakamwa potseka, wamva? Akafunsa ngati Collins ali ndi mwana kwina, yankho ndi lakuti ayi. Ukayang'ane pansi, ndikayankha ndine."

"Koma mnyamatayo si anapempha kuti tikanene?"

"Akudziwa chiyani ameneyo? Anthu amenewa ndimawadziwa ine. Akangoona jekete ndi galimoto, basi mitima pansi. A Laws akewo ndi mkulu wa mpingo wongodziwa nyimbo za m'buku. Tikawaphimba m'maso lero, akadzazindikira abusa atadalitsa kale ukwati. Nanga pamenepo adzatani? Adzamulanda mwana wawoyo?"

Anaseka okha. A Misheck sanaseke, anangoyang'ana kunja. A Greyson anapitiriza kuyala ndondomeko yawo, kubwereza pomwe anena kale, mpaka anakhotera msewu wa ku 25. Pofika pamsika wa Nsungwi anaimika galimoto pambali.

"Anthuwa sakuimba bwanji? Dikira ndiwaimbire ndekha."

Anatulutsa foni m'thumba. Inali yoyaka. Pamwamba panali dzina la a Laws Nyirenda, ndipo pansi pake manambala ankayenda: mphindi khumi ndi zinayi, ndi masekondi akuwonjezekera. Anakweza maso n'kuyang'ana sikirini ya galimoto. Manambala ake anali omwewo, akuyendera limodzi.

Mawu a mayi Maness anawabwerera onse, ndipo ulendo uno anawamva mpaka kumapeto: ndimakumvani bwinobwino. Lamlungu lija, podina mwachimbulimbuli, anali atauza galimoto kuti izidziyankhira yokha mafoni, n'kutsekanso mawu a woimbayo. Galimoto inkamva ndi kutumiza zonse, koma yosabweza kanthu.

"Ha... halo?" anatero, foni ili kukhutu.

Manambala aja anaima. Foni inadulidwa.

Ogulitsa tomato ankawagogodera pawindo. A Misheck anati mwina kulibwino kubwerera. Asanayankhe, uthenga unalowa: "Khoterani kumanzere pa chigayo. Geti lachitatu, lobiriwira. Tikudikira." Munalibe moni, munalibenso mawu okwiya, ndipo chimenecho n'chimene chinawaopsa kwambiri a Greyson. Kamtunda kochokera pachigayo kukafika pagetipo n'kakafupi, koma anayenda ngati akupita kukaona maliro. Mumtima ankangoti mwina phokoso la mumsewu linaphimba mawu, mwina foniyo inali m'thumba mwa mwini wake, mwina, mwina.

Anawalandira bwino. Anawapatsa madzi osamba m'manja, nawalozera mipando yofewa. Pabalaza panali amuna atatu ndi amayi awiri, onse atavala za ulemu. A Laws anali bambo wamtali, wa imvi, woyankhula mosathamanga. Anatsegula ndi pemphero, ndipo atati ameni anatulutsa foni yawo n'kuiika patebulo pakati pa onse.

"Bambo Mphadzula, mwatiyendera, yewo. Ine makutu anayamba kundivuta, ndiye ndikamaimba foni ndimaika pa sipika kuti anzanga andithandize kumva. Lero tinamva tonse amene tili muno."

A Greyson anayang'ana foni ija patebulo.

"Abambo, zija zinali zocheza chabe za m'galimoto..."

"Musadzivute," anawadula mofatsa a Laws. "Za mwana Zipora tinazimva kale mwezi watha. Tiwale anauza azakhali akewa, akulira, kuopa kuti timukaniza. Tinakhala pansi, tinakambirana, ndipo tinati mwana ndi mwana, salakwa kubadwa. Mnyamata amene wauza mkazi zoona asanamukwatire ndi munthu. Lero timangodikira kuti inu mutchule, ife tivomere, tidye nkhuku. Yaphikidwa kale kukhitchiniko."

Mmodzi wa amayi aja anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Koma nkhoswe," anapitiriza a Laws, "ndi munthu amene tidzamuthamangire ana athuwa akadzayambana, ngakhale wina akadzadwala. Mawu ake ayenera kukhala oti tingawatsamire. Ndiye inu mwati mutiphimbe m'maso. Mwana wathu tingamupereke bwanji m'manja otere? Lero sitikamba za ukwati. Mukamuuze Collins kuti ngati ali ndi munthu wina womuimira, atitumizire. Ngati alibe, ndiye kaya."

A Greyson anadziwa, ndipo a Misheck anadziwanso, kuti Collins alibe malume wina padziko lapansi. Anatsanzika. Potuluka anamva fungo la nkhuku ija, ndipo kuseri kwa nyumba kunkamveka mtsikana akusisima. Atalowa m'galimoto n'kuliza injini, mayi wa ku Japan anawapatsa moni wake mwaulemu monga mwa nthawi zonse. A Greyson anazimitsa foni yonse, naiponya kumpando wakumbuyo.

Ku Kawale anapeza Collins ataima pageti, atavala malaya ositidwa, m'manja muli mabotolo a zakumwa zoti asangalalire. Anathamangira kuwindo akumwetulira.

"Malume, zayenda bwanji? Za Zipora anazilandira?"

A Greyson anazimitsa injini. Anangogwira chiwongolero ndi manja onse awiri, misozi ili lengelenge. A Misheck ndiwo anatuluka, namutengera mnyamatayo pambali. A Greyson anaona pagalasi kumwetulira kuja kukuzima, mabotolo akuikidwa pansi pang'onopang'ono. Collins sanakalipe. Anangowayang'ana malume akewo kamodzi, ndi maso ofanana ndi a malemu mayi ake, n'kutuluka pageti osatseka.

Lolemba m'mawa galimoto yoyera inaima ku Biwi. A Harun anamvetsera nkhani yonse osaseka. Kenako anawerama, nadina sikirini katatu, naimba foni ya a Greyson, ndipo inalira m'masipika onse mokweza bwino.

"Basi?" anafunsa a Greyson.

"Basi, achimwene. Lachinayi lija zikanatha chonchi."

Kuyambira tsikulo foni imalira bwino m'galimotomo. Amaimba makasitomala, amaimba a kumpingo, amaimba mayi Maness. Koma dzina limene a Greyson amaliyembekeza pasikirini, la mwana wa mlongo wawo, silinaonekebe. Bambo amene anakhomera zitseko theka la nyumba za ku Kawale analephera kumutsegulira mwana mmodzi polowera m'banja, chifukwa anakana kumvera mkazi wake, mnzake, ndi mwini nkhaniyo. Paja akuluakulu anati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.