Tiyi Wopserera wa a Likhutcha

Ana inu, mwambi wa lero ndi wakale, ndipo aliyense ali ndi kumene amati unachokera. Ife amene tinagwirapo ntchito ya tiyi timati unabadwira pa fakitale ina m'munsi mwa phiri la Mulanje.

Pa fakitaleyo panali bambo wina, a Likhutcha, amene kwa zaka makumi awiri ankayang'anira makina owumitsira tiyi. Chaka china eni fakitale anagula kompyuta yatsopano yoti iziuza makinawo mlingo wa kutentha. Pasanathe mwezi, tiyi anayamba kupserera. Osati tsiku lililonse ayi. Lero atuluka bwinobwino, mawa wakuda ngati makala, mkuja bwinonso.

Bwana wa fakitale, a Muhiwa, anaitana a Likhutcha.

"Achimwene, mumaseweretsa mabatani eti?"

"Bwana, sindikhudza kanthu. Ndimangoona moto ukukwera wokha, kenaka ukutsika wokha."

"Likafika Loweruka tiyi akupsererabe, mukapumule kunyumba."

A Likhutcha anatuluka chipewa chili m'manja, osadziwa chimene alakwa. Amisiri anasintha mawaya, anasinthanso kachida koyezera kutentha, koma sizinaphule kanthu. Pamapeto pake anaitanitsa katswiri wa ku Blantyre, mayi Enelesi Makwinja.

Mayiwo sanakhudze makina owumitsira aja. Anapita pa kabokosi kachitsulo kamene kanali pakhoma. Anafotokoza kuti makina a m'fakitale amatumizirana mauthenga kudzera m'mawaya, ndipo mauthengawo amadutsa pa kabokosika ngati pa mpata. Amisiri amakatchula kuti getiweyi.

"Ndiikamo kontena," anatero mayi Makwinja.

"Kontena?" anafunsa a Muhiwa. "Ija amanyamulira katundu pa lole? Ikwana bwanji mmenemo?"

"Dzina lokha, bwana. Ndi kapulogalamu kotsekeredwa pakokha ndi zida zake, kuti kasasokoneze ntchito zina za kabokosika. Ntchito yake ndi kumvetsera n'kulemba uthenga uliwonse wodutsa. Iko sikalamula chilichonse."

A Muhiwa anagwedeza mutu ngati amva, koma sanamve.

Kontena ija inamvetsera masiku awiri, n'kulemba mizere yambirimbiri. Mayi Makwinja anaiwerenga mpaka maso kuwawa, ndipo zimene anaona zinawabalalitsa. Makina aliwonse pa mawayawo ali ndi nambala yake, ngati nyumba za m'tauni. Nambala ya kompyuta yatsopano inkalamula kuti kutentha kukhale madigiri 120. Patapita kamphindi, nambala yomweyo inkati 140. Kenaka 120. Kenakanso 140.

"Munthu mmodzi angalankhule bwanji pawiri?" anadzifunsa. Anaganiza kuti kontena yawo ndiyo yasokonekera, motero anaichotsa n'kuika ina. Zinatuluka zomwezo. Anafufuza m'kompyuta yatsopano ija, koma 140 sanamupezemo paliponse. Anayamba kukayika ngati sukulu yonse anaphunzira ija inali ndi phindu.

Lachisanu m'mawa anapempha kuti aimitse kaye kulowetsa masamba a tiyi m'makina, ndipo azimitse kompyuta yatsopanoyo.

"Ikazima, mauthenga olamula ayenera kuti zii," anatero.

Anaizimitsa. Mayiwo, a Muhiwa ndi a Likhutcha anaweramira pa laputopu ya mayiwo. Mizere sinaleke. 140. 140. 140.

"Nanga akulankhulayo ndani?" anafunsa a Likhutcha chapansipansi.

Mayi Makwinja anayamba kuzula mawaya a pa kabokosi kaja, imodziimodzi. Atazula yachinayi, yotuwa ndi fumbi, mizere inaima. Anailondola wayayo. Inakwera kudenga, n'kudutsa pamwamba pa khonde, n'kukatsikira m'chipinda chosungira matumba. Kuseri kwa matumbawo kunali kompyuta yakale, kanyali kake kobiriwira kakuphethira. Yatsopano ija inali itapatsidwa nambala ya yakaleyi, poganiza kuti yakaleyo inatayidwa.

A Muhiwa anakhala pa thumba n'kugwira chibwano.

"Ndine ndinaisiya," anatero. "Yatsopanoyi sindinkaikhulupirira. Ndinati ikadzafa, yakale idzatipulumutse. Tsiku limene masamba achuluka ndimabwera kudzaiyatsa, kuti zikhale ziwiri, ndipo sabata ino sindinaizimitse. Ndimayesa zikuthandizana."

"Zimakangana, bwana," anatero mayi Makwinja. "Makina aja amamvera yense amene walankhula komaliza."

A Likhutcha anayang'ana bwana wawo nthawi yaitali. Sanakalipe. Anangoti, "Bwana, mvula itakupezani pakati pa mapanga awiri, mungalowe m'phanga liti?"

A Muhiwa anaimirira, n'kuzula okha pulagi ya kompyuta yakale ija, kenaka anapepesa a Likhutcha pamaso pa antchito onse. Kuyambira tsikulo tiyi sanapsererenso.

Ndiye chiyambi cha mawu akuti, "Mapanga awiri avumbwitsa." Munthu wa paulendo mvula ikamupeza, akaona phanga limodzi amalowa n'kuuma. Akaona awiri, amathamangira ili, n'kuganiza kuti lija ndiye labwino, n'kubwerera, mpaka zovala zonse zitanyowa. Kusunga chothawirako si kulakwa ayi, ana inu. Kulakwa ndi kukana kusankha chimene ukudalira lero. Ndipo kawirikawiri wokayikayo sanyowa yekha: amanyowetsanso mnzake amene sanachite kanthu.