Mkamwini ndi Makina Otchetchera Udzu

Che Sumani anafika kwa Shehe Uledi swala ya masana itangotha kumzikiti, mpeni wa makina otchetchera udzu uli m'manja, akuyenda ngati munthu amene wapambana kale mlandu. Anawapeza Shehewo pakhonde akunola chikwakwa ndi tupa. Shehe Uledi ankaphunzitsa pamzikiti wa m'mudzimo, kufupi ndi Namadzi, koma alimi ankawadziwanso ngati katswiri wonola zitsulo, ndipo sankabweza munthu.

Chaka chimenecho udzu unachita bwino. Aliyense woweta ng'ombe yamkaka anali kalikiliki kutchetcha, kuyanika ndi kumanga mitolo yoti ziweto zidzadye m'chilimwe, mudzi wonse ukununkhira udzu wouma. Che Sumani okha ndiwo anali ndi makina, aja onyamula paphewa, ndipo akawaliza ankaonetsetsa kuti amveka mpaka kutsidya kwa mtsinje.

Atapatsana salamu, mlendoyo anapereka mpeni uja kuti unoledwe, kenako anayamba nkhani imene anadzera. Dzana lake mkamwini wawo Twaliki, mwamuna wa mwana wawo Asiyatu, anatenga makinawo kuti awamalizire apongozi ake udzu wa kudambo, pofuna kuwasangalatsa. Anathiramo petulo, koma osasakaniza ndi oilo monga makina otere amafunira. Injini inalira kanthawi, inatentha, n'kuzima. Makanika anati ikonzeka ndithu. Koma Che Sumani anali atamulalatira kale Twaliki pamaso pa anthu, kumukumbutsa zolakwa zake zonse kuyambira tsiku la ukwati. Tsopano mkamwiniyo anali atalongedza chikwama kuti kukacha abwerere kwawo ku Ntaja, ndipo Asiyatu, yemwe anali woyembekezera, ankangolira.

Kunena zoona, Che Sumani ankamukonda Twaliki ndipo sankafuna kuti apite. Mtima unkawawawa. Koma apongozi athunthu kukapepesa mkamwini? Zimenezo zinawakanika kumeza. Chimene anadzera n'choti Shehe awauze kuti sanalakwe.

“Shehe, inu mumatiphunzitsa kuti Msilamu asamaname,” anatero mwaulemu. “Pa zonse ndinamuuza mwana uja, palibe ngakhale liwu limodzi labodza. Ndiye tchimo langa lili pati?”

Shehe anapitiriza kunola, n'kuyesa mpeniwo ndi chala. Kenako anapepesa kuti iwo ndi munthu wa chikwakwa, za makina sazidziwa, nafunsa ngati petulo amene Twaliki anathira anali woipa, mwina wosakaniza ndi madzi kapena parafini.

Apa Che Sumani anakhala tsonga. Mwayi wophunzitsa mphunzitsi subwera kawiri. Anafotokoza kuti ayi, petuloyo anali wabwino zedi, weniweni, ndipo vuto linali pomwepo. Petulo ndiye mphamvu, popanda iye makina salira. Koma akakhala yekha, zitsulo za m'kati zimakhulana zouma, zimatentha, mpaka zimagwirana. Pamafunika oilo, ndipo si wambiri ayi, timadontho tokwana m'chivindikiro cha botolo basi. Ankafotokoza ndi manja omwe, kuonetsa mmene zitsulo zimadyerana, mpaka anaimirira.

“Ndiye kuti chinthu chikhoza kukhala chenicheni, chosasakaniza, koma n'kuwononga?” anafunsa Shehe.

“Kwambiri, Shehe. Chimapha injini pompo—”

Che Sumani anayang'ana Shehe, amene ankangopukuta mpeni ndi kansalu ngati sananene kanthu. Anakhala pansi pang'onopang'ono, anagwira ndevu, kenako anaphulika ndi kuseka, kuseka kwa munthu amene wadzitchera yekha msampha n'kukodwamo. Manyazi analipo, koma mtima unapepuka.

Shehe Uledi anawapatsa mpeni wawo ndi manja awiri, akumwetulira.

“Alhamdulillah, lero mwandiphunzitsa. Che Sumani, mawu anu anali oona onse, sindikutsutsani, ndipo Mulungu amakonda choonadi. Koma Twaliki anasiya oilo chifukwa chosadziwa, pomwe inu ndinu katswiri. Injini ija makanika aikonza. Mtima wa mkamwini wanu ulibe makanika wina koma inu. Pitani dzuwa lisanalowe, mukamuuze zomwezo mutathiramo chifundo, kuti mdzukulu wanu adzawapeze bambo ake pakhomo.”