Tsiku limene sajeni anakankha pikapu ya Tsokalida

Ndikulumbira, izi simukhulupirira. Tsokalida ankatsetsereka pamsewu waukulu ndi pikapu yodzaza tomato. Mwadzidzidzi Sajeni Kachigamba anatulukira kuseri kwa mtengo wa mango, dzanja lili m'mwamba.

"Laisensi, achimwene," anatero sajeni, ndipo atailandira anaiponya m'thumba mwake. "Kamera yathu yakugwirani mukuthamanga pa handiredi. Galimotoyi igona kupolisi."

Tsokalida anayang'ana tomato wake, wakupsa kale. Kugona kupolisi ndiye kuwola.

"Bwana, chiphapha ichi chikangofika sikisite zitseko zimagwa. Kamera yanu yadwala. Ndiyezeninso. Ikanenanso handiredi, mutenge ndi tomato yemwe."

Sajeni anameza malovu poona madengu a tomatowo. Anapatsa kamera wapolisi mnzake kuti ailozetse.

Tsokalida anapotoza kiyi monamizira. Zii.

"Mwaona, bwana? Popanda kukankha sichilira n'komwe."

Sajeni anavula chipewa, anatsamiritsa mimba kumbuyo kwa pikapu, n'kuyamba kukankha uku akubuula. Injini inatsokomola kamodzi, inamulavulira utsi wakuda pamalaya, pikapu n'kuuluka. Sajeni anatsala chogwada pa tala.

Mnzake uja anasuzumira mu kamera, n'kufuula mosangalala: "Bwana, kamera ili bwinobwino. Ali pa handiredi twente!"

Nkhaniyi Tsokalida amaikamba tsiku lililonse pasiteji, chifuwa chili patsogolo. Dzana mayi wina wogulitsa mandasi anamufunsa: "Nanga bwanji masiku ano mukuyenda pa kabaza, a dalaivala?"

Tsokalida anakanda mutu.

"Laisensi ija, mayi, idakali m'thumba mwa sajeni."