Mlomo wa Yotamu Udafika Kwawo Iye Asanafike

Mwambi umabadwa kangapo, ana inu. Akuluakulu adzakuuzani kuti uwu wa phazi ndi mlomo ndi wakalekale, ndipo sindingawatsutse. Koma m'mudzi wina kuseri kwa mapiri a ku Dedza anthu amaloza nyumba imene udabadwira, amatchula ndi chaka chomwe, chaka chimene anankafumbwe adanenepa anthu akuwonda.

M'nyumba imeneyo munkakhala mayi wina wamasiye, dzina lake Nangozo. Sadali wolemera, koma adali ndi mbiri imene ngakhale olemera ankaisirira: chimanga chake sichinkafumbwa. Ankachiyanika mpaka chiume gwa, n'kuchisakaniza ndi phulusa la zitsononkho, ndipo chinkafika nthawi ya njala chili bwinobwino. Amayi a m'mudzimo asanasoke matumba awo ankayamba apita kwa iye ndi njere zodzaza dzanja kuti alume. Akati chauma, ankasoka. Akati chibwerere padzuwa, padalibe wotsutsa.

Mwana adali naye mmodzi yekha, Yotamu. Khasu linkamukana mnyamatayu, koma pakamwa adadalitsidwa. Ankatha kuyankhula ngati munthu aliyense amene wamumva kamodzi, kaya ndi abusa, kaya ndi wogula fodya wa pamsika. Amene ankawatha kwambiri adali mayi ake omwe, pamodzi ndi kachifuwa kawo kamene kankatsogolera mawu alionse ofunika. Kangapo konse adathamangitsidwa ndi mthiko chifukwa cha zimenezi, wothamangitsayo akulephera kuthamanga ndi phwete.

Atakula, Yotamu adapita ku Lilongwe. Ponyamuka adalonjeza pamaso pa anthu kuti sadzabwerera wopanda malata ofolera nyumba ya mayi ake. Lonjezo ndi katundu wotchipa pogula koma wodula posunga. Zidatha zaka zisanu ndi chimodzi akugwira maganyu, ndipo malata sadaoneke. Poyamba ankaimba foni kudzera kwa Nankhoma, mayi woyandikana nyumba ndi kwawo, pakuti Nangozo adalibe foni. Koma nthawi iliyonse funso lidali lomwelo, lakuti abwera liti, ndipo manyazi atakula adasiya kuimba.

Musaganize kuti adaiwala kwawo. Masana ena ankapita kudepoti wopanda ulendo, kukangoima pamene maminibasi a ku Dedza amakwezera anthu, kuti amve dzina la kwawo likufuulidwa. Ankayang'ana matumba a mbatata ya kachewere akutsitsidwa, n'kumaganiza kuti mwina dothi lomatirira pamenepo ndi la kudimba kwa amalume ake. Akakhala yekha m'kachipinda kake ankayankhula ndi mawu a mayi ake, kudzifunsa ngati wadya, n'kudziyankha ndi mawu ake.

Tsiku lina adakumana ndi bambo wina wamalonda, a Thengo, amene ankagulitsa ufa wina m'timabotolo ati wotetezera chimanga ku anankafumbwe. Adautcha Mlonda wa Nkhokwe. A Thengo adali atazindikira chimene wamalonda aliyense amadziwa, kuti wogula sakhulupirira wogulitsa koma amakhulupirira wogula mnzake. Tsono pakuti ogula okondwa adalibe, adaganiza zowapanga. Ntchito ya Yotamu idali yojambula mawu pafoni ngati ndi mlimi amene wagwiritsa ntchito ufawo n'kukhutira, kenako mawuwo n'kuwaponya m'magulu a pafoni a alimi, a mipingo ndi a mabanki a m'mudzi. Kumapeto kwa uthenga uliwonse ankauza anthu kuti pogula atchule nambala 44 kuti awatsitsireko mtengo. Kabotolo kalikonse kogulidwa ndi nambala imeneyo, Yotamu ankalandirapo kangachepe.

Tsiku loyamba adafunsa ngati ufawo umagwiradi ntchito.

"Iwe uli ndi chimanga?" adafunsa a Thengo.

"Ayi, bwana."

"Nanga ukufunsiranji?"

Funso lidathera pomwepo. Yotamu adakhala mphunzitsi wopuma wa ku Kasungu, mawa lake mlaliki wa ku Mulanje, mkuja mayi wa ana asanu ndi awiri wa ku Mchinji. Onsewa adali ndi matumba amene adatha chaka osabooka ngakhale njere imodzi. Malonda ankayenda, koma mwapang'onopang'ono, chifukwa anthu opekawo ankayamikira mopitirira muyezo, ngati mkamwini woyamikira ndiwo zopanda mchere.

Idafika nthawi yokolola. Masana ena Yotamu ali kuseri kwa sitolo ya a Thengo adamva fungo la mapesi otenthedwa kuchokera kumunda wina, mtima wake n'kuthawira kwawo. Osaganiza adayamba kuyankhula ngati mayi ake, kutsokomola kaye kenako n'kudzudzula munthu wosaoneka kuti chimanga chake sichidaume. A Thengo adatuluka m'sitolo n'kunena kuti mayi ameneyo ndiye amene akhala akumufuna nthawi yonseyi, mayi wosakometsa mawu, woti munthu akamumva amachita manyazi kumukayikira.

Yotamu adazengereza pang'ono, koma pang'ono pokha. Adadziuza kuti a Nangozo ndi ambiri m'dziko muno, ndiponso kwawo foni imagwira pachulu chimodzi chokha. Adajambula. Adatsokomola, nati ndine Nangozo wa kuseri kwa phiri, zaka zonsezi ndasunga chimanga ndi phulusa, koma chaka chino phulusa ndalisiya, ndapeza Mlonda wa Nkhokwe. Sadawonjezere zambiri. Atamaliza adaumvera yekha uthengawo kawiri, maso atadzaza misozi, kenako adautumiza.

Uthenga umenewo udayenda kuposa onse. Udachoka m'gulu la alimi kupita m'gulu la kwaya, kuchoka m'gulu la kwaya kupita kwa mlamu wa munthu wina, ndipo pasanathe masabata atatu udakwera pachulu chija. Nankhoma adathamanga nayo foni kwa mnzake, amayi ena anayi akumutsatira. Adamupeza Nangozo pakhonde akusefa phulusa.

Nangozo adamvera mpaka kumapeto. Adapempha kuti aubwereze, adamveranso. Padziko lonse, kupatula iye mwini, padali munthu mmodzi yekha wodziwa kutsokomola motero. Mwana wake adali moyo, ndipo adali asanamuiwale.

"Anangozo, ndinudi mwanena zimenezi?" adafunsa Nankhoma.

Mayiyo adaona kuti akakana, afunsidwa kuti nanga ndani, ndipo dzina la mwana wake lidzayenda m'mudzi ngati la wabodza. Adadziuzanso kuti Yotamu sangabwereke pakamwa pa mayi ake pa chinthu chimene sadachiyese. Adakutumula phulusa m'manja.

"Mwamva nokha," adatero.

Tsiku la msika lotsatira, munthu wogulitsa timabotolo ta a Thengo pamsika wa kumudziko adabwerera kwawo dzuwa lisanafike pamutu, katundu atatha. Mudzi wonse udatchula 44. Nayenso Nangozo adagula, pakuti sakadatha kuthira phulusa anthu akuona, ndipo phulusa limene adasefa adakalitaya kudzala. Kuyambira pamenepo mchere udayamba kumuthera kawirikawiri. Masana alionse ankapita kukapempha kwa Nankhoma, ndipo asanachoke ankati, poti ndabwera kale, tayikaninso kauthenga kaja ndimve ngati ndidanena bwino. Nankhoma ankaseka, ankati sadaonepo munthu wokonda mawu ake omwe chotero.

Pofika mwezi wa Novembala matumba adayamba kulira. Munthu akaika khutu ankamva kunyeng'enya m'kati, ndipo akabaya ndi chala munkatuluka fumbi. Nyumba ndi nyumba adamasula matumba n'kupeza njere zobooka, zopepuka ngati mankhusu. Padalibe amene adamutukwana Nangozo. Adangosiya kumupatsa moni wautali, ndipo kuchitsime akafika nkhani zinkatha.

Ku Lilongwe zinthu zidali zitamuyendera Yotamu. Nambala 44 idamugulira malata okwanira nyumba yonse, ndi misomali yomwe. Madandaulo atayamba kumveka a Thengo adatseka sitolo n'kusowa, koma Yotamu adati zimenezo ndi za eni ake. Mu Disembala adakweza malata palole n'kuyamba ulendo umene adaulota zaka zisanu ndi chimodzi. Njira yonse ankaona m'maganizo mwake amayi akuimba nthungululu, mayi ake akuvina ndi chitenje m'manja.

Lole idafika masana. Anthu adasuzumira, adaona malata akung'anima, n'kubwerera ku zimene ankachita. Nangozo yekha ndiye adatuluka. Adali atawonda. Adamugwira mwana wake mikono yonse iwiri n'kumuyang'ana nthawi yaitali, adamukhazika pamphasa, adamupatsa madzi, adamufunsa za ulendo monga mwa mwambo. Atatha zonsezo adamulowetsa m'nyumba, adamasula thumba limodzi, n'kumuuza kuti alowetse dzanja. Dzanja lidalowa mpaka m'chigongono popanda chokaniza, ndipo potuluka lidali loyera ndi fumbi, anankafumbwe akuyenda pakati pa zala. Pambali pa thumbalo padali kabotolo kamene iye ankakadziwa bwino.

"Amayi, sindinkadziwa kuti zifika kuno."

"Zikadathera kwa mayi wa mnzako, bwenzi zili bwino?"

Yotamu adakutumula fumbi m'dzanja. Adafunsa chifukwa chimene iwo sadakanire, pakuti ankadziwa kuti mawuwo sadali awo. Nangozo adamuuza zonse, za amayi asanu pakhonde, za phulusa la kudzala, za mchere wopempha tsiku ndi tsiku.

"Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkadikira kumva iwe," adatero. "Iwe n'kunditumizira ine ndemwe. Ndidalandira, pakuti ndi chokhacho chidabwera."

Malata sadatsitsidwe. Nangozo adalamula kuti lole ibwerere nawo kuboma akagulitsidwe, ndipo zopezekazo zigule chimanga cha mudzi. Chimangacho chitabwera sichidakwane ngakhale theka la nyumba zimene zidataya chakudya. Kenako adamutuma mwana wake kuyenda khomo ndi khomo, wapansi, kukanena kuti uthenga uja adapeka ndi iye, kuti ufawo sadauyesepo, ndipo ankalipidwa pa kabotolo kalikonse. Masiku awiri adayenda. Ena adamumvera ali chilili, ena adalowa m'nyumba asanamalize. Nankhoma adamusiya anene zonse, kenako adafunsa ngati awa tsopano ndi mawu akeake kapena wabwerekanso kwa munthu wina, chifukwa iye sakadatha kusiyanitsa.

Tsiku lachitatu Yotamu adauza mayi ake kuti ku Lilongwe sabwereranso, akhala pamudzi alime. Nangozo adapukusa mutu. Adati njala ikadali kutsogolo, ndipo anthu anjala sangamuone m'mawa uliwonse akudutsa pakhomo pawo mitima yawo n'kukhala m'malo. Adati apite, akagwire ntchito imene angathe kuitchula dzina pagulu, aziimba foni ndi mawu ake, ndipo za kubwera adzakambirane anthu akakolola kawiri kapena katatu.

Adamuperekeza mpaka pamsewu. Mvula idali itagwa m'mawa, ndipo mapazi awo ankatsala m'matope. Podikira galimoto Yotamu ankayang'ana phiri, madimba ndi utsi wa m'makhitchini ngati munthu wosankha katundu amene sangathe kugula. Minibasi itaonekera patali, Nangozo adaloza pansi.

"Mapazi akowa pofika mawa mvula idzakhala itafufuta, palibe amene adzakuimbe nawo mlandu. Ukayenda siya phazi, mwanangu. Ukasiya mlomo udzakupeza."

Nankhoma, amene adali pamsewupo kudikira galimoto yomweyo, adawamva mawuwo, atabwerako n'kukawanena kuchitsime, ndipo kuchitsime ndi kumene mawu amapezera miyendo. Ngati Yotamu adabwereranso kudzakhala kwawo, ine sindikudziwa. Amene adandiuza nkhaniyi adati nthawi imene ankachoka m'mudzimo anthu adali atakolola kanayi, ndipo mnyamatayo adali akuimbabe foni Lamulungu lililonse kufunsa ngati nthawi yakwana.

Tanthauzo la mwambiwu ndi ili. Kulikonse kumene munthu wadutsa amasiyako kanthu. Akasiya phazi, ndiye kuti wadutsa mwamtendere, osanamiza munthu, osadetsa dzina la wina, ndipo akhoza kudzadutsanso mawa anthu n'kumupatsa mpando. Koma akasiya mawu abodza, mawuwo sakhala pamene wawasiya. Kale ankayenda ndi anthu a paulendo, lero amayenda m'mafoni, ndipo safunsa njira.

Inu ana a masiku ano mudzapemphedwa kuyamikira zinthu zambiri, sopo, mbewu, mankhwala, ndipo ena adzakulonjezani kangachepe pa aliyense wogula chifukwa cha mawu anu. Kudya za pakamwa pako si mlandu, amalonda tonse timadya zomwezo. Koma chimene ukuchiyamikira uyambe wachiyesa wekha, unene ndi dzina lako, ndipo usabise kuti ukulandirapo kanthu. Ukapanda kutero usadzitonthoze kuti onamizidwawo ndi anthu akutali osawadziwa. Mlomo umakwera galimoto yoyamba, iwe ukadali kumanga katundu, ndipo umakakudikira pakhomo pamene unkafunitsitsa kulandiridwa.