Galimoto Imene Inkadikira Mangwana

Pa Bangula, kuseri kwa golosale ya Kalisto, panali chisakasa cha bango chimene mwini wake ankachisesa kuposa nyumba yogona. Mkazi wake, Otilia, akafuna kumuputa ankachitcha kuti kwa mkazi wamng'ono. M'menemo munkagona galimoto yofiira ya zitseko ziwiri, yamsana wotsika, imene ngakhale itangoima inkaoneka ngati yanyamuka kale.

Kalisto anali munthu wa mchere, sopo, palafini ndi nsomba zouma, wodziwa kusunga chake. Galimotoyo anaigula kwa mzungu wina, injiniya wa ku esiteti ya nzimbe, amene ntchito inamuthera ndipo ankabwerera kwawo. Tsiku lopatsana makiyi, mzunguyo anatsegula boneti n'kuloza kainjini kakang'ono kamene kanali mkatimo.

"Injini zina zimasinja ngati munsi mumtondo," anatero m'Chichewa chake chopunduka. "Iyi siisinja, imazungulira. Oyilo imamwa, musadabwe, ndi chibadwa chake, muzingowonjezera. Koma chachikulu ndi ichi, bambo: musamaidzutse n'kuigonekanso isanatenthe. Mukailiza, pitani nayo kutali, muiponde mpaka iimbe. Mukaisasatitsa idzatsamwa."

Kalisto anavomera ndi mutu, koma mumtima anati awa ndi mawu a munthu wokulira pa tala, amene chikaonongeka amangogula china. Ndipo posakhalitsa madalaivala a malole, amene ankamwa tiyi pakhonde la golosale, anamuthira mchere pabala. "Injini zozungulirazi zikafa zafa," ankatero. "Ngakhale ku Blantyre amakanika amangoziyang'ana n'kugwira pakamwa." Mawu amenewa anamulowa Kalisto ngati thekenya m'chala, ndipo usana ndi usiku ankangomuyabwa.

Pakhomopo pankakhalanso bambo ake, a Sebastiano, amene masiku awo ankathera pansi pa mtengo wa nimu. Iwo anawoloka Shire pa bwato kuchokera ku Mozambiki ali mwana, ataberekedwa kumsana kwa mlongo wawo Emelia. Pa onse amene anali m'bwato limenelo, otsala ndi moyo anali awiriwa basi. A Emelia anakwatiwa ku Tengani, ndipo miyendo inali itawatupa moti sankayendanso. A Sebastiano nawo chiuno chinkakana njinga, ng'ala inali itayamba kuwaphimba m'maso, ndipo zaka zinali zitapita asanaonane. Galimoto itafika, mkuluyo anaizungulira akuisisita ndi chikhatho.

"Mwananga, undiperekeze kwa Emelia maso awa asanatseke," anatero. "Ndikangomuona nkhope, basi."

"Tipita, Baba. Woyamba kukwera muno ndinu."

"Sitima ilipo," Otilia analowerera. "Apongozi tingathe kuwakweza mawa lomweli, Petro n'kukawachingamira pa siteshoni." Petro anali mwana wa a Emelia.

"Bambo a mwini galimoto akapanikizane ndi nkhuku m'sitima? Bangula yense andiseke ine? Ayi, mayi a Jesinta. Akafika ku Tengani atakhala kutsogolo, ana akuthamangira m'mbuyo."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. Mawuwo anawakomera, ndipo anatumiza uthenga kwa mlongo wawo kuti azitchera khutu kumsewu.

Koma m'chigwa muno nyengo iliyonse ili ndi chifukwa chake kwa munthu wofuna chifukwa. M'chilimwe Kalisto anati fumbi lingalowe m'injini. Dzuwa la Okutobala litayamba kuwotcha mapazi anati injini ingapse. Mvula itagwa, dothi la makande linasanduka phala, ndipo apo anali ndi mfundo ndithu. Madzi ataphwa anati msewu wadyeka, galimoto yotsika mimba ngati iyi ingakhule pansi. Thonje litayera, malole anachuluka, ndipo ankaponya miyala. Anawonjezanso kuti ikamaoneka kwambiri pamsewu, akuluakulu a chipani angayambe kuibwereka popita kumisonkhano, ndipo zaka zimenezo munthu wotere sunkamuuza kuti ayi.

Musaganize kuti ankainyalanyaza. Ayi, ankaikonda mpaka kuipweteka. M'mawa uliwonse, asanatsegule golosale, ankaivundukula, n'kuipukuta ndi nsanza yofewa, n'kuyeza oyilo. Akaona kuti watsika pang'ono, mtima unkamugunda ngati wamva za matenda a mwana. Kenako ankailiza, n'kutchera khutu ngati sing'anga, ndipo isanafunde n'komwe ankaizimitsa kuti isatope. Mmene miyezi inkapita, injiniyo inayamba kutsokomola nthawi yaitali isanayake. Kalisto anati wayamba matenda aja, ndipo anaisamala koposa, kutanthauza kuti ankaizimitsa msanga kuposa kale.

Ndiye panali masana. Kutentha kukafika poti agalu abisala pansi pa nkhokwe ndipo msika wati zii, Kalisto ankalowa m'chisakasa muja, n'kukhala pampando, manja pachiwongolero. Kuwala kunkalowa m'mipata ya bango n'kugona mizeremizere pa boneti. Iye ankatsinzina, ndipo ulendo unkayamba. Msewu unkayera kutsogolo kwake ngati nsalu yoyanikidwa. Milambe inkabwera n'kudutsa mwaulemu, minda ya mapira inkawerama, mapiri a tsidya la Shire ankayenda naye limodzi ali buluu. Pambali pake pankakhala bambo ake, chipewa chili pamaondo, akutchula dzina la mudzi uliwonse. Pofika ku Tengani azakhali ake ankadzuka pamphasa ngati miyendo sinawapwetekepo, n'kululutira, ndipo okalamba awiriwo ankagwirana m'masaya akuseka ngati ana. Ulendo umenewo unali wokoma, wopanda fumbi, wopanda mwala wogunda pansi. Kalisto anauyenda kambirimbiri, moti akatuluka m'chisakasamo ankamva ngati munthu amene wakwaniritsa lonjezo.

"Mangwana?" a Sebastiano ankafunsa m'Chisena chawo, kutanthauza mawa, mwana wawo akamadutsa pansi pa nimu.

"Mangwana, Baba."

Anafunsana choncho mpaka mawuwo anasanduka moni. Otilia yekha ndiye sankaseka. "Bambo a Jesinta, chitsulo chimadikira, koma munthu sadikira," ankatero uku akusankha mapira. Mwamuna wake ankayankha kuti nkhani za injini azisiyire amuna.

Tsiku lina mkuluyo anapempha kuti amugwire dzanja apite kuchisakasa. Anaisisitanso galimotoyo, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, kenako anatembenuzira nkhope yake kumene kunkachokera mpweya wa mwana wake.

"Kodi ikadali yofiira?"

Kalisto anayang'ana m'maso mwa bambo ake n'kuona kuti ayera mbee. Anaweramitsa mutu ndi manyazi.

"Palibe kanthu," mkuluyo anatero. "Nkhope ya Emelia ndikuidziwa kale. Ndikangomva mawu ake."

Kalisto analumbira kuti apita sabata yomweyo. Koma sabata imeneyo kunachita kamvula, ndipo yotsatirayo anati adikire msewu uume.

M'mawa wina, dzuwa litakwera pang'ono, Petro anatulukira pa njinga, malaya ali chonyowa ndi thukuta. Sanakhale n'komwe pansi.

"Achimwene, mayi adwalika. Chakudya asiya, madzi akukana. Akungoitana amalume."

Sitima yopita kumunsi inali itadutsa kale, ndipo ina inali ya mawa. A Sebastiano anavala jekete lawo la kutchalitchi ndi chipewa, ndipo anawakhazika pampando wakutsogolo. Kalisto anapotokola kiyi. Injini inazungulira, inazungulira, koma osagwira moto. Anayesanso. Fungo la petulo linadzaza chisakasa chonse. Miyezi yonse ija yoidzutsa n'kuigoneka ili yozizira inali itaikuta mwaye mkati n'kunyowetsa mapulagi, ndipo tsopano inatsamwa monga momwe mzungu uja ananenera.

"Ndiwamangirire ndi chitenje kumsana kwanga, ndipalase pang'onopang'ono," Petro anatero.

"Chiuno chawo sichingapirire. Iyaka pompano, tangodikira."

Siinayake. Batire linafooka. Anthu a pamsika anabwera kudzakankha, anathamanga nayo mpaka kumsewu waukulu, koma inangoti phu, phu, n'kukhala chete. Dzuwa linafika paliwombo. Pamapeto pake mnansi wina anabweretsa ng'ombe zake ziwiri za pangolo, n'kuzimangirira kutsogolo ndi chingwe, kuti ulendo uyambe ndithu, mwina n'kuyaka m'njira. Petro anatsogola pa njinga kukauza mayi ake kuti alimbe mtima, alongo awo ali m'njira.

Motero galimoto imene inapangidwira kuuluka inatuluka mu Bangula ikukwawa kumbuyo kwa michira ya ng'ombe. Amayi ogulitsa nsomba anaimirira n'kumayang'ana. Palibe anaseka, ndipo zimenezo zinamupweteka Kalisto kuposa kuseka. Msewu unkanjenjemera ndi kutentha, kutali kukuoneka ngati kwadikha madzi amene sankafikika. Mlambe umodzi unkatenga nthawi yaitali kuti uwadutse.

"Mpando wake ndi wofewa," a Sebastiano anatero patapita nthawi.

"Baba, ndalakwa."

"Fungo la ndowe ndalimva kalekale, mwananga. Ng'ombe nazonso zimafika. Emelia ankandibereka akuyenda pang'onopang'ono kuposa apa."

Kenako anayamba kung'ung'udza kanyimbo ka opalasa bwato, mutu atautsamiritsa kumbuyo.

Dzuwa litayamba kupendeka, lole ya thonje inawapeza kuchokera kumbuyo. Dalaivala wake anali Yobu, mmodzi wa omwa tiyi pakhonde paja. Atamva za matendawo sanachulutse mawu. Anamasula ng'ombe, n'kukoleka tcheni.

"Ikani giya yachiwiri, a Kalisto. Ndikathamanga, musiye kilatchi."

Lole inakoka. Galimoto inagwedezeka, inalavula utsi wakuda, inaphulika kumbuyo ngati mfuti mpaka ng'ombe zinathawira m'munda, kenako inagwira moto. Yobu atamasula tcheni anakuwa kuti asaizimitse, ndipo Kalisto, kwa nthawi yoyamba chiigulireni, anaiponda osaimvera chisoni.

Inaimba. Mawu ake anayamba pansi n'kumakwera, kumakwera, osalala ngati a njuchi zambiri zouluka pamodzi. Utsi unatha. Milambe inabwera n'kudutsa, minda ya mapira inawerama, mapiri a tsidya lija anayenda nawo limodzi, zonse monga zinkachitikira m'chisakasa muja. Fumbi linatsala m'mbuyo, ndipo palibe mwala umene unaigunda mimba. A Sebastiano anavula chipewa n'kutulutsa dzanja pawindo, zala zitatambasuka, mphepo ikuwaseweretsa manja a jekete.

"Pyadidi!" anafuula, kuyamikira m'chinenero cha ubwana wawo. "Ponda, mwananga, ponda!"

Kalisto anamva chimwemwe ndi mantha zitasakanikirana, ndipo anayamba kukhulupirira kuti afika nthawi yake.

Atakhota kulowa kanjira ka kumudzi, ana anathamangira m'mbuyo mwawo ndithu. Kalisto anaimika galimoto pansi pa mtengo wa bwemba pafupi ndi nyumba ya azakhali ake, n'kuzimitsa injini. Phokoso lake litangotha, m'makutu mwawo munalowa lina limene linali litabisika kuseri kwake. Amayi ankalira m'nyumbamo.

Petro anabwera pawindo, maso ali psuu.

"Atisiya posachedwapa, amalume. Nditawauza kuti muli m'njira anati tiwatembenuzire kukhomo. Lole iliyonse ikamveka kumsewu ankafunsa kuti kodi ndi imeneyo."

A Sebastiano sanalire msanga. Anakhala pampando wofewa uja, chipewa chili pamaondo, tsitsi lawo loyera litasokonezedwa ndi mphepo. Injini inkalira tetete pozizira. Kenako anafufuza ndi dzanja mpaka anapeza bondo la mwana wawo, ndipo anafunsa mofatsa, ngati munthu wongofuna kudziwa.

"Kodi kuno n'kufupi chonchi, Kalisto?"

Kalisto anagwetsa mutu pachiwongolero n'kulira ngati mwana.

Galimoto ija inakhala zaka zambiri pambuyo pake. Chisakasa chinaphwasulidwa, bango lake Otilia anamangira khola la nkhuku. Kalisto ankaithamangitsa m'fumbi ndi m'dzuwa, kunyamula odwala ndi akwati, ndipo siinatsamwenso. Koma a Sebastiano sanapemphenso kupita kulikonse, ndipo mawu aja akuti mangwana sanamvekenso pansi pa nimu. Anthu a pa Bangula akaiona ikudutsa ili psuu, fumbi likutsala m'mbuyo, ankakumbuka tsiku limene inatuluka m'tauni ikukokedwa ndi ng'ombe, n'kukumbutsana mawu a akale akuti zengerezu adalinda kwawukwawu.