Galimoto ya Apongozi Inabwera Yokha

Kuseri kwa fakitale yopanga magalimoto kunali bwalo lalikulu, lalikulu moti mnzako akaima kumapeto kwake unkachita kumuitana pafoni. Kumeneko n'kumene magalimoto atsopano ankagona. Ankatuluka m'fakitale akunyezimira, mipando ili m'mapulasitiki, n'kukaimikidwa m'mizere, mphuno ya iyi pamchira wa iyo. Kupanga galimoto kunkatenga tsiku limodzi kapena awiri, koma kuti ichoke pabwalopo n'kukafika kwa ogulitsa, munthu ankatha kubzala n'kukolola. Fumbi linkaikuta, mbalame n'kusainapo maina awo, ndipo ochapa ankaichapa kuti ipitirize kudikira ili yoyera.

Woyang'anira bwalolo anali Kapitawo, bambo wathupi, wokonda kuyenda ndi mulu wa makiyi m'chiuno ngakhale popita kukadzithandiza. Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisamunamizire. Matenda ake anali pakamwa. Akamafotokoza kunyumba za udindo wake, unkaganiza kuti eni fakitale amayamba apempha chilolezo kwa iye asanayetsemule. Malinga ndi iye, panalibe tayala limene linkagubuduka kudutsa pageti iye asanagwedeze mutu.

Tsono apongozi ake, bambo a mkazi wake, anali telala wokalamba wa m'tauni ina, ulendo wa pafupifupi tsiku lathunthu pamsewu. Mkuluyu moyo wawo wonse anagwiritsa ntchito zosiya anzawo. Makina osokera anagula kwa telala amene maso anamuthera, njinga kwa mnansi, firiji kwa munthu wosamuka. Atapuma pantchito ananena poyera kuti asanatsikire kuli chete akufuna chinthu chimodzi chokha chimene munthu wina sanachitopetsepo. Anapita kwa ogulitsa magalimoto a m'tauni yawo n'kuitanitsa galimoto yatsopano, yochokera kufakitale komwe mkamwini wawo ankagwira ntchito. Pulasitiki ya pampando woyendetsera ankafuna adzang'ambe okha ndi manja awo.

Kapitawo atamva zimenezi anadziguguda pachifuwa pamaso pa banja lonse.

"Apongozi, mtima m'malo. Geti limene galimoto yanu idzatulukire ndi langa. Mwezi uno usanathe mukhala mukuliza hutala pakhomo pano."

Mweziwo unatha, wina n'kutha, winanso n'kuyamba. Galimoto inali itapangidwa kalekale. Inali pamzere wake, yoyera, ndipo Kapitawo ankaidutsa m'mawa uliwonse akuyang'ana kumbali ngati yamutukwana. Poyamba inadikira oyesa mabuleki ndi magetsi. Oyesa atafika anapeza kuti ikusowa kachipangizo kena, kakang'ono ngati chikhadabo, kochokera kutsidya kwa nyanja, ndipo sitima yonyamula tizipangizoto nayo inali pamzere wake kudoko. Kachipangizo katafika n'kuikidwa, panatsala nkhani ya lole.

Pajatu galimoto yatsopano siyenda ndi miyendo yake. Ili ndi matayala anayi, injini ndi mafuta, koma imaberekedwa ngati khanda pa chilole cha nsanjika ziwiri, kuti ikafike kwa mwini wake kawotchi kowerenga mtunda kasanayambe kuwerenga. Malole amenewa anali ochepa, madalaivala ake ochepa kuposa pamenepo, ndipo lole sinkanyamuka isanadzaze ndi magalimoto olowera msewu umodzi. Ogulitsa a m'mizinda ikuluikulu ankadzaza lole ndi foni imodzi. A kwa apongozi, kalanga ine, ankaitanitsa imodziimodzi. Choipitsitsa n'chakuti malolewo anali a kampani ina. Kapitawo anali ndi makiyi a galimoto iliyonse pabwalopo, koma pa malole analibe mawu ngakhale pang'ono, ndipo zimenezi anali asanauzepo munthu kunyumba.

Apongozi sankadandaula ayi. Lamlungu lililonse ankaimba foni, n'kufunsa za adzukulu mmodzimmodzi, za mvula, za msana wa mwana wawo, kenako potsanzika, ndi mawu ofatsa kwambiri, n'kufunsa ngati geti lija likadali m'manja mwa mkamwini. Funso limeneli linkamupweteka Kapitawo kuposa kutukwanidwa. Mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, ndiye ankasonkhezera moto. Tsiku lina anatumiza chithunzi cha kanyumba kamene apongozi anamangira galimotoyo, nkhuku zitagona mbwee mkati, n'kulemba pansi pake kuti alendi apezeka kale, alamu asafulumire.

Mkazi wake anamulangiza bwinobwino kuti angowauza bambo zoona, kuti malole si ake. Bambo anadikira zaka zonsezi, milungu ingapo sikanawapha. Kapitawo anayankha kuti iye si munthu wobweza mawu, ndiponso kuti nkhani za magalimoto azisiyira amene amazidziwa. Mkaziyo anangoti chabwino, odziwa ndinu, n'kupitiriza kusita yunifolomu ya mwana. Kunena zoona, chimene Kapitawo ankaopa si kuchedwa kwa galimoto. Ankaopa kuchepa pamaso pa apongozi.

Lachisanu lina anapeza dalaivala wa lole yolowera msewu umenewo atakhala pamthunzi wa lole yake, nsapato atavula. Dalaivalayo anamuuza kuti kwatsala magalimoto awiri okha kuti lole idzaze, ndipo atuluka sabata ino. Koma mawu akuti sabata ino Kapitawo ankawadziwa kukoma kwake, poti ndi omwewo amene iye ankadyetsa ogulitsa pafoni chaka chonse.

"Nanga nditaipititsa ndekha?" anafunsa Kapitawo ngati akucheza.

Dalaivala anaseka mpaka kutsokomola. "Akapitawo, lamulo limenelo si ndinu amene mumatiphunzitsa? Ikayenda yokha ndiye kuti yakalamba. Dekhani, mwatsala pang'ono."

Kapitawo anaseka nawo, koma mumtima anali atanyamuka kale. Anadziuza kuti malamulo amaikira anthu osadziwa kuyendetsa, ndipo iye wakhala akuyendetsa magalimoto atsopano kuyambira dalaivalayo ali kusukulu. Anaiwala dala kuti kuyendetsa kwakeko kunali kochoka pamzere uwu kukaima pamzere uwo.

M'mawa mwake anamangirira manambala oyesera pagalimoto ya apongozi, n'kuuza mlonda kuti akukamva mabuleki pamsewu. Mlonda anaimika sawasha n'kutsegula. Tsiku limenelo geti linalidi lake. Foni ya kuntchito anaizimitsa kuti anthu ansanje asamusokoneze.

Ulendo unayamba bwino, munthu akuimba likhweru. Dzuwa litakwera, pulasitiki ya pampando inayamba kumumatirira kumsana, thukuta lili yoyoyo, ndipo akangosuntha inkalira khwakhwa. Anapirira pang'ono, kenako anaima pambali n'kuing'amba. Apongozi adzang'amba ya mipando inayo, anatero mumtima, mipando ilipo yambiri. Njala itamugwira anagula chakudya cha m'mbali mwa msewu n'kudyera momwemo akuyendetsa, kuti asataye nthawi, ndipo kafungo ka galimoto yatsopano kanagonja kwa anyezi. Lole iliyonse yonyamula magalimoto imene ankaipeza ikukwawa pachitunda ankaipitirira ndi hutala wachipongwe.

Chapakati pa ulendo anapeza akukonza msewu, magalimoto onse akuwapatutsira kunjira ya miyala. Kutsogolo kwake kunali lole ya mchenga. Munthu wodekha akanatsalira kumbuyo, koma Kapitawo anaikakamira pamchira pofuna mpata wodutsira. Kamwala kanauluka kuchokera kutayala, thaa, pagalasi lakutsogolo. Poyamba panangooneka kadontho. Pomwe ankabwerera pa tala, mng'alu unali utayenda mpaka pakati pa galasi. Anadzilimbitsa mtima kuti galasi ndi galasi, amasintha.

Atatsala pang'ono kulowa m'tauni anaima kwa ochapa magalimoto. Anachapa, anapukuta, anabwereza, mpaka dzuwa kupendeka. Fumbi linachoka ndithu, koma manambala a pakawotchi kaja madzi sachotsa. Ali pomwepo anaimbira apongozi ndi foni yake ya m'thumba kuti avale bwino apite kwa ogulitsa, mkamwini wawo wakwaniritsa.

Apongozi anavaladi. Anafika ndi suti yosoka okha, apongozi aakazi pambali, mlamu foni ili m'mwamba kujambula, ndi anansi angapo amene anabwera kudzaona ngati nkhani ya galimotoyi inali yoona. Kapitawo analowa pabwalo la ogulitsa akuliza hutala, mkono uli pawindo. Anthu anaomba m'manja. Nkhope ya mkuluyo inawala ngati ya mwana, ndipo Kapitawo anamva kukoma kumene anali asanakumvepo chikwatirire.

Kenako anatulukira mayi woyang'anira malowo. Sanayang'ane galimoto, anayang'ana kumsewu kumene yachokera.

"Lole ili kuti, bambo?"

"Lole ndine," anayankha Kapitawo, akuseka kuti anthu aseke nawo.

Mayiyo sanaseke. Anayendetsa chala pamng'alu wa galasi, anatsegula chitseko, ananunkhiza, anawerama n'kuyang'ana kawotchi. Atadzuka anafotokoza mwaulemu, mokweza pang'ono kuti asadzabwereze, kuti iwo amalandira magalimoto otsika pa lole basi. Imene yayenda yokha mtunda wonsewo si yatsopanonso. Sangaipereke kwa kasitomala ngati yatsopano, fakitale singaiikire kumbuyo ikawonongeka, ndipo kunena mosabisa, pakali pano ndi katundu wa fakitale amene watuluka pageti mosadziwika bwino. Kapitawo anayesa kutchula udindo wake. Mayiyo anati zikomo, zithandiza poimba foni, n'kulowa mu ofesi.

Mlamu anatsitsa foni yake pang'onopang'ono. Anansi anayamba kukumbukira ntchito zimene anasiya kunyumba, koma miyendo yawo sinasunthe.

Mayi uja atabwerera anati kufakitale akhala akufunafuna galimotoyo kuyambira m'mawa, ndipo amene waitenga asadzaoneke pabwalo mpaka atamuitana. Galimoto ibwerera. Ya abambowa ayenera kupanga ina, ndipo inayo ikayamba mzere pachiyambi: oyesa, tizipangizo, lole. Apongozi anafunsa kuti zimenezo zitenga nthawi yaitali bwanji. Mayiyo anayang'ana imvi zawo, n'kunena kuti sangalonjeze.

Akulankhula choncho, kunamveka kulira kwa injini yaikulu. Chilole cha nsanjika ziwiri chinakhota pang'onopang'ono n'kulowa pabwalo, magalimoto atsopano ali ndii pamsana pake, mapulasitiki akunyezimira m'mawindo. Pamwamba penipeni panali malo amodzi opanda kanthu. Dalaivala wa dzulo uja anatsika, anadziongola, n'kumuona Kapitawo.

"Awiri aja anatuluka m'mawa, akapitawo. Ndazungulira mzere wonse kufuna yoyerayi, foni yanu yozimitsa. Kuofesi anati ndizipita choncho."

Kapitawo anafuna nthaka itang'ambika kuti alowemo. Manyazi anamugwira kwambiri.

Apongozi anayandikira galimoto ija. Sanaikhudze. Anasuzumira pawindo, anaona mpando woyendetsera uli wosavala, utanyowa thukuta la munthu wina, kenako anakweza maso kuyang'ana malo opanda kanthu aja pamwamba pa lole. Anayang'ana nthawi yaitali. Maso awo anali atalengeza misozi, koma mawu anatuluka ofatsa monga mwa nthawi zonse.

"Mwatopa, mkamwini, ulendo ndi wautali. Ine ndimati mwina kamodzi kokha ndiyambe ndine. Koma zikomo, mwandilawira."

Anagwira mkono wa mkazi wawo n'kuuyamba wapansi kubwerera kunyumba, suti yatsopano ili m'thupi. Kumbuyo kwawo dalaivala anatsitsa magalimoto a eni ake, amene anadikira n'kufika, kenako anakweza yoyera ija n'kuimanga matayala kuti ibwerere kumene inachokera, itaberekedwa monga mwa lamulo. Kapitawo anatsala chiimire pakati pa bwalo la eni, akuganiza za basi yobwerera ndi zimene akamuuze mkazi wake. Anafika tsiku limodzi ndi lole imene anaithawa, ndipo apongozi ake anawabwezera kumapeto kwa mzere. Akuluakulu sananame pamene anati kuthamanga sikufika.